Kabokosi Koyeza Kuwala

Erfurt, ku Alemanya
10 Marso 1985

Okondedwa Ababa,

Landirani moni, inu ndi mlongo wanga Verónica. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chikung'amba milomo. Kwathu ku Lifidzi timati kumazizira mu Junyu, koma amene aja ndi masewera.

Mnzanga Justino wa ku Tete watha kontratu yake, akubwerera kumudzi. Ndamupatsira kaphukusi kanu. Muli nsapato zanu, nsalu ya Verónica, ndi kabokosi kakuda kofanana ndi sabawu, sopo wochapira uja. Nkhani yaikulu ndi kabokosiko.

Ndikaweruka ku fabirika ndimapita ku shikola yamadzulo yophunzira zamagetsi. Kuti munthu alandire diploma ayenera kupanga makina akeake n'kusonyeza kuti akugwira ntchito. Ine ndapanga koyezera kuwala. Pamwamba pali kadiso kagalasi kamene kamamva kuwala. M'kati muli kachipangizo kotalika ngati chala, amati mikrokontrolador, kamene kamawerengera zimene diso lamva. Mukadina batani, tinyale tofiira timayaka pamzere. Tilipo 8. Mumdima sikayaka n'kamodzi komwe, dzuwa likakhala paliwombo timayaka tonse.

Mukaike padenga, muzidina katatu patsiku: ola ya 7 m'mawa, ya 12, ndi ya 4 madzulo. Muziwerenga tinyale n'kulemba mu kaderno. Nambalazo ndidzazijambula papepala kukhala mzere wokwera ndi kutsika, umene amati garafiku. Apulofesolo anga akufunitsitsa kuona dzuwa la kwathu. Mapilya, mabatire ake, ndatumiza ambiri, koma ndi a kabokosi, si a radiyo.

Mundiuze za kumeneko. Kuno timangomva kuti ku Tete kuli nkhondo, koma sanena kuti ndi mbali iti.

Mwana wanu,
Abílio

Lifidzi
21 Mayo 1985

Achimwene,

Moni. Tili bwino, nyemba zachita bwino chaka chino. Kalata muzitumiza kudzera kwa azakhali a Emilia ku Dedza, chifukwa koreyo, positi ya ku Ulongwe, sidziwika kuti ifika liti. Munthu wa pa positi ku Dedza anakana kuti kulibe dziko la Alemanya, mpaka anagwirizana kuti ndi Jeremani.

Kaphukusi kanafika. Nsalu ndathokoza. Nsapato za Ababa n'zazikulu, aikamo mapepala kutsogolo.

Tsopano za kabokosi kanu. Kanagwira ntchito masiku anayi. Ababa anakhoma makwerero, ndipo ola ikakwana ankavala kazako wawo, jekete la kutchalitchi lija, n'kukwera pamalata reloju yoonera nthawi ili kumanja. Akadina ankawerenga mofuula m'Chipwitikizi ngati ali m'kalasi. Anthu ankadzaza pabwalo.

Tsiku lachisanu kunabwera amilisiya atatu. Wina anakanena kuti mphunzitsi wokalamba uja amakwera padenga katatu patsiku ndi makina oyaka zofiira, n'kumalankhula ndi a kutchire, adani a boma aja. Anawatenga Ababa, ine ndinatsatira. Kabokosi anakaika m'dengu, denguyo n'kulikoleka kunsonga ya nsungwi yaitali, kuopa kuti kaphulika. Tinayenda choncho mpaka ku kampu, mudzi wonse ukuonerera.

Akomandante anafunsa kuti, "Kamarada pulofesolo, radiyo iyi mumalankhula nayo ndi yani?"

Ababa anati, "Ndi dzuwa."

Ndinaona kuti lero tigona komweko. Koma Ababa anapempha kuti tonse tituluke panja, anadina, tinyale tonse tinayaka. Kenako anauza akomandante kuti avundikire kadisoko ndi chipewa chawo. Tinazima. Atachotsa chipewa, tinayakanso. Achimwene, munthu wamkulu uja anavundikira n'kuvundukula mpaka dzuwa linapendeka. Anaitana asilikali ake kuti aone, koma osalola wina aliyense kuyesako.

Pomaliza anafunsa ngati kangasonyeze kumene kwabisala adani. Ababa anati pokhapokha ngati adaniwo akuwala.

Chigamulo ndi ichi: popeza kachokera kudziko la abwenzi, si kamdani. Koma padenga ayi. Kazikhala m'nyumba, ndipo podina pazikhala mmilisiya woona. Asankha Patrisio, mwana wa a Pita a kuchigayo, amene Ababa anamubwereza kalasi yachitatu kawiri. Tsopano wakula, ali ndi ndevu ndi mfuti, koma Ababa akamuyang'ana amachotsa manja m'thumba.

Tiuzeni chochita.

Mlongo wanu,
Verónica

Erfurt
14 Julyu 1985

Ababa ndi Verónica,

Moni nonse. Kalata yanu inandichititsa mantha, kenako inandiseketsa, kenako mantha anabwereranso. Musakwerenso padenga.

Ndawafotokozera apulofesolo. Akuti palibe choipa, kuyeza kuwala kwa m'nyumba ndi phunziro labwino koposa, chifukwa likhoza kusonyeza ngati majanela, mawindo a nyumba zathu, ali okwanira kuti mwana awerenge. Choncho kaikeni pameza yaikulu ija, pakati penipeni, kadiso kakuyang'ana m'mwamba. Malo asasinthe, maola asasinthe. Zikasintha ntchito yonse yaonongeka. Ezame yanga, mayeso omaliza, ili mu Novembro chaka chamawa, ndipo ndikufuna nambala za chaka chathunthu.

Abílio

Lifidzi
19 Setembro 1985

Mwana wanga Abílio,

Ndikuyembekeza kuti kalata ino ikupeza uli wamoyo, ukupemphera, ndiponso ukumvera akulu ako. Ife Mulungu akutisunga.

Ndakutumizira mapepala awiri a nambala, kuyambira pa 1 Agosto. Ndalemba ndi inki, mizere ndajambula ndi rula. Uona wekha kuti zotsatira n'zosangalatsa. Ukawapatse aphunzitsi ako pamodzi ndi moni wanga, uwauze kuti akuchokera kwa mnzawo pantchito.

Nsapato zikukwana bwino lomwe.

Bambo ako,
Jacinto Ngozo

Erfurt
9 Novembro 1985

Verónica,

Moni mlongo wanga. Kalata iyi ndi yako, usawawerengere Ababa yonse.

Mapepala afika. Pali 8 m'mawa, 8 masana, 8 madzulo, masiku 45 osaphonya. Ndajambula garafiku, yatuluka mzere wowongoka ngati chingwe choyanikira zovala. Apulofesolo anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa mwaulemu ngati kwathu dzuwa limalowa. Anzanga a m'kalasi tsopano akunditchula kuti Bwana Dzuwa.

Nyumba ija ndimaidziwa. Janela ndi imodzi, ndipo mpichesi umaitchinga. Masana amayi akadali moyo ankatuluka panja kuti alowetse ulusi m'singano. Simungakhale 8. Mwina kabokosi kaonongeka, mwina pali china. Undifufuzire.

Abílio

Lifidzi
26 Janeiro 1986

Achimwene,

Moni. Mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'chiuno. Anthu a kutsidya kwa mtsinje ena ayamba kusamukira ku Malawi, koma kuno tikadali phee, timangomva mfuti patali.

Kabokosi kanu kali bwinobwino. Oonongeka ndi Ababa.

Ndinayamba ndi Patrisio. Anakana kawiri, kachitatu ndinamumana mbatata imene ndinali kuotcha, ndiye anaulula. Tsiku loyamba pameza tinyale tinayaka tiwiri. Ababa anadinanso, tiwiri. Anapukuta kadiso ndi mpango, tiwiri. Ndiye anatenga cholembera n'kulemba 8. Patrisio atati, "Apulofesolo, ndaona tiwiri," iwo anati, "Iwe masamu unayamba kuwadziwa liti?"

Nditawafunsa sanakane. Anati, "Ine ndaphunzitsa zaka 31. Ziwiri pa 8 ndi kulephera. Mwana wanga wapanga makina ndi manja ake, ndiye ine bambo ake ndimutumizire ziwiri kuti azungu akamuseke?"

Ankaganiza kuti nambalazo ndi manota anu, malikisi a kusukulu, kuti makina abwino ndi amene ayatsa tinyale tambiri. Ndinawafotokozera kuti sikelo ya kuchigayo ikanena kuti thumba n'lopepuka, wolephera si sikelo. Iwo anati ndiye kuti yalephera ndi nyumba yawo, imene anamanga okha. Masiku awiri sanandilankhule. Tsiku lachitatu anatenga nkhwangwa kuti akadule mpichesi, ndinachita kuwagwira mkono n'kuwakumbutsa kuti munati pasasinthe kanthu.

Tsopano odina ndi iwo, wolemba ndine. Mapepala a Dezembro ndi Janeiro ndi awa. Muli ma 1, ma 2, 0 mmodzi, ndi 3 mmodzi amene Ababa anafuna kuti ndimulembe ndi inki yofiira.

Verónica

Erfurt
30 Marso 1986

Verónica,

Moni. Mapepala ako ndi chuma. Garafiku tsopano ikukwera n'kutsika ngati mapiri a kwathu, ndipo ndikaiyang'ana ndimaona nyumba yonse. Pa 8 Janeiro masana panali 0. Kunagwa chimvula, si choncho? Apulofesolo aipachika pakhoma.

Chinthu chimodzi chikundizunguza. Janela yathu inayang'ana kumadzulo, ndiye ola ya 4 kuyenera kumawala kuposa m'mawa. Koma nambala za ola ya 4 n'zotsika masiku onse, kupatula Lamulungu. Kodi pajanela pamakhala chiyani nthawi imeneyo?

Pitirizani mpaka Agosto. Uwauze Ababa kuti 1 woona amandithandiza kuposa ma 8 zana.

Abílio

Erfurt
22 Junyu 1986

Ababa ndi Verónica,

Moni. Miyezi itatu yatha osamva kanthu. Kodi kalata yanga ya mu Marso inafika? Mnyamata wina wa ku Tsangano amene tili naye ku fabirika akuti kwawo anthu athawa. Ndikamufunsa za ku Lifidzi akuti sadziwa. Lembani ngakhale mizere iwiri.

Abílio

Lifidzi
4 Julyu 1986

Mwana wanga Abílio,

Tili moyo tonse awiri. Mlongo wako watanganidwa, ndiye kaderno ndaitenganso ine. Mapepala a Abril, Mayo ndi Junyu ndi awa. Malo sanasinthe, maola sanasinthe. Pa 9 Junyu sitinayeze, ndasiya mpata.

Ulimbikire maphunziro.

Bambo ako,
Jacinto Ngozo

Erfurt
17 Agosto 1986

Ababa,

Moni. Ndasangalala kuti muli moyo. Zina zonse sizinandisangalatse.

Mpaka pa 8 Junyu nambala zili bwino, ndi dzanja la Verónica. Kuyambira pa 10 Junyu ndi dzanja lanu, ndipo ndikuona 6 m'mawa, 8 masana, 6 madzulo. M'nyumba. Pameza. Chaka chatha munalemba 8 paliponse, tsopano mwaphunzira kusinthasintha kuti zioneke ngati zoona. Ndiye kuti munamvetsa bwino lomwe zimene Verónica anakufotokozerani, n'kusankha kunama mwaluso.

Munkatikwapula tikakopera mayankho. Munkatiimiritsa padzuwa chifukwa cha bodza laling'ono. Lero ndine ndikuchita manyazi ndi inu. Ndatsala ndi miyezi itatu, ndipo nyengo yachisanu yonse mwandionongera chifukwa chofuna kutamandidwa ndi mzungu amene simudzamuona. Mubwezereni Verónica kaderno. Ngati simungathe kulemba zimene maso anu aona, kabokosiko musakakhudzenso.

Abílio

Kufupi ndi Dedza, ku Malawi
5 Outubro 1986

Achimwene,

Moni. Onani pamwambapa kumene ndikulembera. Kalata yanu azakhali a Emilia anabwera nayo Lachitatu. Inali ya Ababa, koma anandipempha kuti ndiwawerengere, ndiye ndinaiwerenga mokweza mpaka pamene panali dzina lanu. Ndikanadziwa ndikanadumpha mizere ina.

Ulendo uno Ababa sananame. M'nyumba muja munalidi 8, chifukwa nyumbayo ilibe denga.

A kutchire anafika pa 9 Junyu m'mawa, ine ndikutsuka mbale. Amilisiya anali ndi zipolopolo zowerengeka, anawombera pang'ono n'kubalalika. Ife tinathawira kudambo, tinagona m'ngalande ya dimba la a Pita mpaka madzulo. Ababa anatuluka m'nyumba opanda chipewa, koma kabokosi ndi kaderno zili m'kazako. Titabwerera tinapeza atakhomola malata onse, atenga chitseko, mbuzi, ndi chimanga cha m'nkhokwe. Anthu asanu ndi awiri anawatenga kuti asenze katunduyo, atatu sanabwerebe. Meza anaisiya. Mukukumbukira kuti Ababa anaikhomera m'nyumba momwemo, situluka pakhomo.

Mudzi wonse unasamukira pafupi ndi kampu ya asilikali, ulendo wa maola awiri. M'mawa mwake ndinadzuka Ababa palibe. Anabwera dzuwa litalowa, nsapato zanu zija zili fumbi lokhalokha. Nditawafunsa anati, "Mwana anati malo asasinthe."

Ndinalira, ndinakalipa, ndinabisa kabokosi mumphika wa nyemba. Anakapeza. Ndinawauza kuti inu simungafune diploma ya mtembo wa bambo anu. Anati, "Ndinamuonongera kale miyezi iwiri. Iyi ndiyenera kumubwezera." Tsiku lililonse ankanyamuka tambala atangolira, n'kukakhala m'nyumba yopanda denga ija mpaka ola ya 4, m'mudzi mopanda munthu. Masiku 21. Atalemba kalata ija ndinawauza kuti anene za denga, anakana. Anati munthu amene akukonzekera ezame sauzidwa zotere.

Pa 6 Julyu asilikali anachoka pakampu, ndiye tonse tinaoloka malire. Tapatsidwa malo pamtunda wina, tamanga kanyumba kaudzu. Timalandira ufa ndi nandolo. Tili bwino poyerekeza ndi ena.

Nditatha kuwerenga kalata yanu, Ababa anailandira, anaipinda kanayi, n'kuiika m'thumba la kazako. Anangoti, "Chinyanja chake chikadali chabwino." Kenako anatenga chikwakwa kukamweta udzu. Sanaitchulenso.

Sindikukudzudzulani kwambiri, chifukwa inenso ndikanakhala kumeneko ndikanaganiza zomwezo. Koma muwalembere.

Za janela munafunsa zija: ndi Patrisio. Ola ya 4 ankaima panja n'kutsamira pajanela kuti azicheza nane, ndipo ndi wotambalala mapewa. Lamulungu ankapita kukaona amayi ake. Nditamuuza kuti mwamuona muli ku Alemanya, anaopa kabokosi kuposa tsiku loyamba lija. Nayenso ali kuno, mfuti anaisiya kutsidya.

Verónica

Erfurt
23 Novembro 1986

Ababa,

Moni. Kalata iyi ndaiyamba kasanu. Ndinakulakwirani kwambiri. Nambala zanu zinkandiuza kuti denga lapita, ine wophunzira zamagetsi ndinalephera kuwerenga. Ndinaganiza za diploma yanga, osadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani bambo anga alemba mizere isanu yokha. Ndikhululukireni. Ndipo musadzachitenso zotero chifukwa cha ine. Ndikaganiza za msewu umenewo sinditha kudya.

Ezame inali Lachinayi. Ndinajambula garafiku yonse, osachotsa kanthu: mzere ukuyenda pansipansi kuyambira Dezembro, mpata wa tsiku limodzi, kenako n'kulumphira pamwamba. Oyesa anali atatu. Mayi wina wa magalasi analoza pamenepo n'kunena kuti apa makina anaonongeka. Ndinati ayi, makina ali bwino, apa ndi pamene anatichotsera denga. Anafunsa kuti nanga ankayeza ndani. Ndinayamba kufotokoza m'Chijeremani, mawu anandithera, ndinalira pamaso pawo ngati mwana. Anandipatsa madzi. Kenako anandifunsa mafunso ena khumi okhudza mawaya, chifukwa anthu a kuno chifundo chawo sichilowa mu ezame.

Ndakhoza. Apulofesolo akuti ndikupatseni moni, ndipo anachita kunena okha kuti kwa mnzawo pantchito.

Kontratu yanga yatsala chaka ndi theka, salola kuchoka pakati. Mu Fevereiro wina akupita ku Tete ndipo akuti akhoza kudutsira ku Dedza. Ndiuzeni chimene ndingatumize.

Mwana wanu,
Abílio

Kufupi ndi Dedza
11 Janeiro 1987

Mwana wanga Abílio,

Ndikuyembekeza kuti uli wamoyo. Ife tili bwino. Uthenga wa kukhoza kwako ndinaulengeza pambuyo pa mapemphero a Lamulungu, ndipo anthu anaomba m'manja, ngakhale ena anamva ngati wakhala dokotala. Sindinawakonze.

Za kukhululuka usadere nazo nkhawa. Woyamba kunama ndinali ine. Kungoti mawu akuti "mwaluso" anandipweteka, ndipo ukadzabwera tidzakambirana.

Kuno ndayambanso kuphunzitsa. Ana alipo 94, pansi pa mtengo, bolodi ndi chitseko cha galimoto yakufa. Kabokosi ndimapita nako. Mwana amene wayankha bwino ndi amene amadina batani, ndipo sindinaonepo kalasi yolimbikira chotere. Mapilya atsala anayi.

Pali chinthu chimene mlongo wako sanakuuze chifukwa sankachidziwa. Maso anga afooka. Padzuwa tinyale tija sindinkationa bwino, tinkangosakanikirana. Masiku 21 aja sindinkayenda ndekha. Patrisio ankandidikira kuseri kwa kampu, n'kundiperekeza ndi mfuti yake yopanda zipolopolo, ndipo ndiye ankawerenga. Ndinkamuuza kuti abwereze katatu. Sanalakwitse n'kamodzi komwe. Nditamufunsa chifukwa chimene ankadziikira pangozi, anati akomandante sanafafanize lamulo lakuti podina pazikhala mmilisiya. Ndinadziwa kuti chifukwa chake si chimenecho.

Mwezi watha anatuma amalume ake kudzafunsira Verónica. Ndinawauza kuti ndiyamba ndaganiza, ndipo ndinaganiza masabata awiri kuti asaone ngati n'zophweka. Ndavomera. Iwe monga mlongo wake uyenera kunenapo mawu, koma ulembe msanga, chifukwa ansembe amabwera kuno kamodzi pamwezi ndipo tsiku talisankha kale, ndi Loweruka la pambuyo pa Pasaka.

Wafunsa chotumiza. Ine magalasi a maso, a munthu wa zaka 66. Verónica akuti nsalu yoyera mamita asanu. Patrisio sanapemphe kanthu, koma ndaona kuti phazi lake n'lalikulu kuposa langa, ndiye nsapato zija ndamupatsa, zamukwana popanda mapepala.

Mlongo wako akuti ndikuuze kuti mphatso ya ukwati isakhale makina. Utumize mabulangete awiri. Kanyumba kawo akumanga pamtunda, ndipo mphepo ya kuno imalowa paliponse.

Bambo ako,
Jacinto Ngozo